Kalilole Wosapukuta wa Dona Rufina

Ku Ulongwe mukafunsa kumene kuli salawu ya Dona Rufina, yomwe amayi amakonzetsako tsitsi, anthu savutika n'kuloza. Amangoti mutsike ndi msewu wakumsika mutatchera khutu, chifukwa phwete la mayiwa limamveka chitseko musanachione.

A Rufina anabadwira kufupi ndi Fonte Boa, m'banja lolima kachewere ndi nyemba. Nkhondo itafika m'midzi yakumeneko, anathawira ku Malawi ali kamtsikana, mphika uli pamutu, mng'ono wawo ali kumsana. Anakhala zaka zingapo kuseri kwa Dedza, m'tinyumba taudzu tothithikana. Kuluka tsitsi anaphunzirira komweko, kwa amayi omwe ankakhala pamthunzi masana onse kudikira uthenga wakumudzi. Ankaluka timizere ting'onoting'ono toyambira pachipumi, tokhotakhota ngati mizere yam'dimba lapaphiri, n'kukakumana pankhongo. Pamsasa ponsepo panalibe kalilole. Wolukidwa akafunsa kuti akuoneka bwanji, Rufina ankamufotokozera ndi pakamwa, mokometsera kwambiri moti munthu ankanyamuka akuyenda monyang'wa.

Atabwerera kwawo mu 1993 anakwatiwa ndi a Natanael, omwe ankanyamula katundu panjinga pachipata cha m'malire cha Kalomwe. Bambowa ndi munthu wosayankhulayankhula. Anthu amati m'nyumba imeneyo mawu onse anatenga ndi mkazi, mwamuna anangotsala ndi "ee" ndi "kaya". Salawu inayambira pakhonde, ndi mpando umodzi ndi chipeso. Kenako inakula n'kukhala chipinda chanjerwa chokhala ndi bwalo lalitali kuseri.

Koma mayiwa ali ndi matenda amodzi, ndipo eni ake amavomera: kupukuta. M'chiuno mwawo simusowa kansalu. Anakwecha miphika ndi phulusa mpaka ina inabooka. Anapukuta wailesi mpaka manambala onse anafufutika, moti a Natanael amasaka siteshoni mongoyerekeza. Njinga ija inatha utoto isanathe matayala. Tsiku lina Misa itatha, anavula a padiri magalasi pamphuno, n'kuwauzira mpweya, n'kupukuta, n'kuwabwezera, uku akupitiriza nkhani ya kwaya ngati palibe chachitika.

Mwa ana awo atatu, wamkazi ndi mmodzi, Telma. Mwanayu anali ndi mutu wa masamu. Atamaliza sekondale ku Ulongwe anapita ku Maputo kukaphunzira fizika, ndipo kumeneko anapeza bolsa, ndalama yolipirira maphunziro, yomwe inamutengera ku Ulaya. Atayamba ntchito, amayi ake anamuimbira foni salawu itadzaza, mawu atakweza kuti aliyense amve.

"Tatiuza, mwanawe, ntchito yakoyo kwenikweni n'chiyani?"

"Ndimakonza akalilole, mama."

A Rufina anayang'ana foni, n'kuyang'ana kalilole wawo wapakhoma, kenako anagwira pamimba.

"Zaka zonsezi! Maputo, ndege, chisanu cha Azungu, kuti ukagwire ntchito yanga yomwe? Ukanangonena, kansalu ndikanakupatsa konkuno!"

Telma anayesa kufotokoza kuti ndi akalilole oonera zakumwamba, koma mawu ake anamira m'chikhakhali. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wokhala pampando wa Dona Rufina ankauzidwa kuti Telma anatsegula salawu ya nyenyezi.

Chaka china m'nyengo yozizira, nkhungu ikugona m'madambo mpaka dzuwa kukwera, Telma anabwera kutchuthi. Anatsika chapa, minibasi yochokera ku Tete, ndipo pambuyo pake anyamata awiri anatsitsa bokosi lamatabwa lomwe linayenda ulendo wonse pampando wakewake, litamangidwa ndi kapulana, chitenje chakumeneko. Kondakitala anati sanayendepo ndi wapaulendo waulemu chotere, wosadandaula mabampu ngakhale kamodzi.

Analitsegulira m'salawu, a Natanael akuzula misomali. M'katimo munali kalilole wozungulira, wamkulu kuposa lichero, wochindikala ndiponso wolemera. M'mphepete mwake munali pobenthuka pang'ono. Koma kuwala kwake! A Rufina anali asanaonepo nkhope yawo ili mbee chotero, tsitsi lililonse palokhapalokha, ngakhale imvi ziwiri zomwe ankaganiza kuti anazibisa. Dzanja lawo linapita lokha m'chiuno.

Telma anawagwira pamkono. "Mama, ayi. Ameneyu sapukutidwa."

"Sapukutidwa? Wadwala?"

"Tandibwerekani chipeso."

Telma anagunditsa nsonga ya chipeso pa kalilole wakale wapakhoma. "Mukuona? Pakati pa chipeso ndi chithunzi chake patsala kampata. N'chifukwa choti chonyezimiracho chili kuseri kwa galasi, chabisala. Mungakweche mmene mungafunire, simuchifika. Tsopano onani apa." Anayandikitsa chipeso kwa kalilole watsopano osagunda, ndipo nsonga ziwirizo zinali pafupi kupsompsonana. "Uyu chonyezimira chili pamwamba penipeni, kuti kuwala kusatayike podutsa m'galasi. Chimenechi ndicho ndimaika ine."

"Umapaka ndi burashi?" anafunsa Anita, mtsikana wogwira ntchito m'salawumo.

"Ayi, Anita. Tili ndi chimgolo chachitsulo chachikulu ngati chipinda chino. Timaika galasi m'katimo, n'kutseka, n'kupopa mpweya wonse kuti utuluke. Kenako timatenthetsa aluminiyo, yemweyu wamasefuliya, mpaka asanduke nthunzi. Nthunziyo imakatera pagalasi ngati mame. Pamwamba pake timateretsanso nthunzi ina yoonekera, yochokera kumwala woyera, kuti iteteze. Zonsezo n'zopyapyala moti tsitsi limodzi mutaling'amba m'litali kokwana mazana, mwina kachidutswa kamodzi ndiye kangafanane nazo. Fumbi likakhalapo inu n'kudutsitsa nsalu, ndiye kuti mwalima mizere."

A Rufina anabweza dzanja pang'onopang'ono. "Nanga nyenyezizo zimadziyang'anira bwanji?"

Telma anaseka, n'kukhala pampando wa makasitomala. Anati kutali kwambiri kuli nyenyezi zomwe zinaphulika kalekale, ndipo malo oterowo amatumiza kuwala kwaukali kotchedwa gama. Maso sakuona, ndipo pansi pano sikufika. Kukagunda mpweya wakumwamba kumaswekera m'tizidutswa tambirimbiri tothamanga koopsa, ndipo timeneti timasiya kakung'anima kabuluu, kofooka, kosakhalitsa moti kuphethira kwa diso n'chaka chathunthu poyerekeza nako.

"Ndiye kuchipululu cha ku Namibia, kumene kulibe mitambo yambiri, anamanga zitsulo zazikulu zooneka ngati malichero, zazitali kuposa tchalitchi. Chilichonse anachiyala akalilole ngati uyu, mazanamazana, aliyense wolowa m'kati pang'ono ngati mbale yosaya. Onse amatola kakuwala kaja n'kukaponyera pamalo amodzi, pomwe pali kamera. Koma amakhala panja chaka chonse, fumbi, mame, mphepo yamchenga. Akatopa amawatsitsa n'kutitumizira, ife timasukuluza chakale n'kuika chatsopano. Uyu anabenthuka panjira, eni ake anati sabwereranso. Ndinamupempha, ndinamukutanso ndekha, ndati akapume kwathu."

"Wapuma pantchito," anatero a Natanael, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Koma simunaone kanthu," anatero Telma. "Tiyeni."

Anaimika kalilole pampando, m'kati mwa chitseko, atayang'ana kumsewu. Anauza amayi ake kuti aziyenda chobwerera m'mbuyo, maso ali pankhope yawo. A Rufina anatuluka chambuyo. Poyamba panalibe chachilendo. Atafika pakati pa msewu nkhope inayamba kufufuma, mphuno ngati dzungu. Anakuwa, koma sanaime. Njinga inawapatukira, mbuzi inathawa. Nkhope ija inasungunuka n'kukhala chimtambo chabulauni. Anapitirirabe mpaka msana unagunda khoma la chigayo kutsidya, ndipo pamenepo m'kalilole monse munadzaza nkhope yawo, chibwano kumwamba, duku pansi.

"Mayo ine! Ndazondoka!"

Anagwira mutu kuti aone ngati udakali pamalo pake. Kenako anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kugubuduka ndi phwete, misozi ili chuchuchu. Wachigayo anazimitsa injini kuti aone chachitika. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Posakhalitsa pakhoma la chigayo panali mzere, aliyense akudikira kuzondoka, ndipo wozondoka aliyense ankakuwa ngati ndiye woyamba.

Pakati pa phokoso limenelo ndi pamene Telma anawerama n'kuuza amayi ake lamulo lachiwiri, loti kalilole ameneyu asadzayang'anizane ndi dzuwa. A Rufina anali akupukuta misozi, akukoka mpweya movutikira. Anangomva mawu akuti dzuwa, n'kuvomera ndi mutu.

Tchuthi chitatha Telma anabwerera. Kalilole anamupachika m'kati, moyang'ana pakhomo, ndipo salawu inatchuka mpaka ku Kalomwe. Madalaivala a malole ankaima kuti azondoke kaye asanakawoloke malire. Agogo ena anayenda pansi kuchokera kumudzi, anayang'ana kamodzi, n'kunena kuti nkhope yozondokayo ikufanana ndi malemu mchemwali wawo, ndipo anabwerera okhutira.

Koma kwa mwini salawu inali nthawi ya mayesero. Mphepo ya fumbi inayamba. Kafumbi kofiira kanatera pakalilole, ntchentche inasiyapo timadontho, ndipo tsiku lina mafuta atsitsi anathovukirapo. A Rufina ankadutsa pamenepo manja atabisa kumbuyo ngati mwana wasukulu pamzere. Ankaluka tsitsi la munthu maso ali pakadontho ka ntchentche. Kawiri konse Anita anawapeza ataima pafupi, kansalu kali m'manja.

"Dona Rufina!"

"Ndimangomuonetsa nsaluyi, sindinamukhudze."

Pamapeto pake anapereka kansalu kwa amuna awo kuti akabise. A Natanael anakabisa m'chipewa chawo, ndipo anayenda nako pamutu mpaka mwezi unatha.

Kutayamba kutentha, kunabwera ukwati waukulu. Vanda, mwana wa Dona Rosália, ankakwatiwa kutchalitchi cha ku Fonte Boa. Dona Rosália ndi mayi wa sitolo ya nsalu, wamtali, wosaseka wamba, ndipo pa ukwati wa mwana wawo sankafuna chinthu chapafupi. Anaitanitsa peruka kuchokera ku Beira, tsitsi lovala lakuda bii, lopotanapotana, lofika m'chiuno. Anaibweretsa kusalawu itakulungidwa ngati khanda, kuti a Rufina aitsuke, aikonze, ndipo Loweruka m'mawa aveke mkwatibwi.

A Rufina anayang'ana peruka, n'kuyang'ana kalilole wawo wafumbi, mtima unawawa. Mkwatibwi angadziyang'anire pa madontho a ntchentche? Anaimbira Telma.

"Mwanawe, ndapirira. Koma tsopano undiuze, kwanuko mumamusambitsa bwanji?"

Telma anali pantchito, akuyankhula mothamanga. "Madzi oyera, mama, am'botolo. Kadontho kamodzi ka sopo wamadzi. Muzingothira kuchokera pamwamba, madzi azitsika okha, kenako mutsukuluze. Osakhudza. Aume yekha. Za dzuwa zija mukukumbukira, eti?"

"Ee, ee, ndikukumbukira."

A Rufina anatseka foni ali okondwa. Za dzuwa zinali zomveka: chinthu chikatsukidwa chimayanikidwa padzuwa. Mwana wophunzira amakumbutsa ngakhale zodziwika kale.

Loweruka m'mawa a Rufina anadzuka ndi nyimbo. Peruka anali ataitsuka kale. Anaiveka pachimutu chamtengo n'kuchikhazika pamtondo wozondotsedwa, kumapeto kwa bwalo lakuseri, pafupi ndi mpanda, kuti ipitidwe mphepo. Kenako iwo ndi a Natanael ananyamula kalilole n'kumutsamiritsa kukhoma la salawu, atayang'ana kum'mawa. Anathira madzi pang'onopang'ono, ndipo fumbi la miyezi yonse ija linatsika ngati msuzi. Kalilole anati ng'aa. A Rufina anavina pang'ono pomwepo, botolo lili m'manja.

"Bambo a Telma, tamuonani! Ndamusambitsa osamugwira!"

"Ee."

Galimoto ya akwati inafika, ndipo a Rufina analowa m'kati. Vanda anakhala pampando, Anita anayamba zikhadabo, a Rufina anayamba nkhope. Dona Rosália anakhala pakona chikwama chili pamiyendo, akuyang'anira zonse. Panja a Natanael anakhala pachitsa n'kumapopa njinga.

Iwo ndi amene anaona chibanthu cha kuwala pampanda wakumapeto, choyera kwambiri moti maso ankawawa. Anachiyang'ana, n'kuganiza kuti n'chokongola. Dzuwa likukwera, chibanthucho chinkasuntha pang'onopang'ono. Chinatsika pa udzu wampanda, chinafika pambali pa mtondo, kenako chinatera pamutu wamtengo uja. A Natanael anapitiriza kupopa.

M'salawu Anita anakwinya mphuno. "Kukununkha pulasitiki."

"Ndi akumsika awo, amaotcha zinyalala nthawi iliyonse," anatero a Rufina, akupaka Vanda zofiira m'masaya.

Pakhomo lakuseri panaima a Natanael, pampu ili m'manja. Anatsokomola kaye, chifukwa munali alendo.

"Mayi a Telma."

"Tili otanganidwa, bambo."

"Tsitsi la akwati likusuta fodya."

A Rufina anatuluka ngati mwala wa legeni. Kumapeto kwa bwalo utsi unali tolotolo, ndipo peruka ya ku Beira inkakwinyika yokha, ikulira kuti tsi-tsi-tsi. Anathamanga kuti aiphule, dzanja linalowa m'kuwala kuja, anakuwa n'kulibweza. Anakankha mtondo ndi phazi, chimutu chinagubuduzika m'fumbi. Pamenepo mpanda nawo unayamba kufuka. Anita anabwera ndi beseni la madzi otsukira tsitsi n'kukhuthulira mpanda, theka linathira abwana ake. A Natanael ndi amene anayang'ana kumene kuwalako kunkachokera. Anavula jekete, anapita kwa kalilole mosathamanga, n'kumufunditsa. Chibanthu chija chinazima.

A Rufina anatola peruka ndi zala ziwiri. Mbali imodzi inali idakali tsitsi. Mbali inayo inali chibuma cholimba, chonyezimira, chonga mbewa yowamba. Atatembenuka anapeza Dona Rosália ataima pakhomo, ndipo kumbuyo kwawo kunali Vanda, tsaya limodzi lofiira, lina losapaka.

Phwete linafika pakhosi, koma linabwerera. A Rufina anaona nkhope ya mayi mnzawo ndipo anazindikira kukula kwa chomwe achita. Ili linali tsiku la mwana wa eni, ndipo anthu anali atayamba kale kusonkhana kutchalitchi. Anagwada pamatope pomwepo, madzi asopo akuchucha m'duku.

"Dona Rosália, pepani. Mwana anandichenjeza, ine sindinamvetse. Kulakwa n'kwanga."

Dona Rosália anatsegula pakamwa kuti akalipe. Chomwe chinamveka ndi kamawu kochokera kumbuyo kwawo, ngati ketulo ikayamba kuwira. Vanda anali atagwira pakamwa ndi manja onse, mapewa akugwedezeka. Kenako anaphulika.

"Yapsa! Mama, yapsa! Ambuye ndi abwino!"

"Vanda! Wapenga?"

"Imandiyabwa, mama! Tsiku loyesa lija ndinatuluka thukuta mpaka m'makutu. Ndimaoneka ngati munthu wina. Ndimaopa kukuuzani, ndiye ndakhala ndikupemphera kuti isowe, kapena makoswe aidye. Za moto sindinaganizeko!"

Anita anathawira kuseri kwa chitseko kukasekera komweko. Dona Rosália anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana chibuma chija, mphuno zikutukuka.

"Ndiye ukalowa m'tchalitchi ndi mutu wotero? Ngati ukupita kumunda?"

A Rufina anadzuka, n'kupukuta manja pa kapulana. "Ndipatseni mutuwo. Mukapanda kuukonda, mudzanene Ulongwe yense kuti asadzapondenso pano."

Sanadikire yankho. Anakhazika Vanda pampando, anamasula tsitsi lake lenileni, lambiri, lofewa, n'kuligawa ndi nsonga ya chipeso. Zala zawo, ngakhale chimodzi chinali ndi thuza, zinayamba kuthamanga. Anita ankagwira mbali ina n'kumapatsira mafuta. Timizere tinayambira pachipumi, ting'onoting'ono, tikukhota motsatana kuzungulira mutu. A Rufina anali asanaluke motero kwa zaka zambiri, chifukwa atsikana amasiku ano amafuna zam'mafoni, koma manja sanafunse njira. Foni ya Dona Rosália inkalira kosalekeza, akuchimuna akufunsa kuti akwati ali pati. Iwo ankangoti, "Tikubwera," maso ali pamutu wa mwana wawo.

Timizere titayamba kukumana pankhongo, Dona Rosália anaimirira n'kuyandikira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Maluko awa munawaphunzira kuti?"

"Kumsasa, kuseri kwa Dedza."

"Inenso ndinali komweko, kumunsi kwa phiri." Mawu awo anali atatsika. "Tsiku lomwe ndinakwatiwa ndi bambo ake a mwanayu anandiluka chonchi. Diresi linali lobwereka, nsapato zinali zobwereka. Changa chinali tsitsi lokha."

"Simunandiuzepo, mama," anatero Vanda.

"Unandifunsapo?" Anatsegula chikwama, anafufuza, n'kutulutsa timikanda toyera tomwe anakonzera peruka ija. "Ikani utu pankhongopo. Fulumirani, a padiri akalamba akudikira."

A Natanael analowetsa kalilole, jekete lidakali pamwamba, n'kumupachika pamalo pake. Atamuvundukula, Vanda anadziyang'ana, anatembenuza mutu uku ndi uku, ndipo anangoti, "Eya. Uyu ndiye ine." Potuluka anakana kukwera galimoto asanazondoke. Anawoloka msewu chambuyo, diresi atalikwinyira m'manja, amayi ake akukuwa za fumbi, mpaka anakafika pakhoma la chigayo. Amayi atomato anaimba nthungululu.

Ukwati unachedwa, koma palibe anadandaula kupatula oimba kwaya omwe anatha nyimbo zonse n'kuyambiranso. Kumadyerero nkhani inali itafika kale, ndipo inali itakula: ena ankati moto unatsika kumwamba, ena ankati peruka inaphulika. A Rufina anavina mpaka nsapato inaduka lamba, chala chathuza chili m'mwamba. Pobalalika Dona Rosália anawakokera pambali n'kunena mwaukali kuti za peruka adzakambirana Lolemba. Lolembalo anabweradi, anakhala pampando, anavula duku, n'kunena kuti awaluke ngati Vanda.

Telma anamva nkhaniyi pafoni tsiku lotsatira ukwati. Poyamba anachita mantha, anafunsa za dzanja, za mpanda, ndi ngati wina anayang'ana m'kuwalako ndi maso. Anafotokoza kuti kalilole amene amatola kakuwala kofooka n'kukaunjika pamodzi, akapatsidwa dzuwa lathunthu amachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake kuchipululu kuja masana zitsulo zija amazitembenuzira kumbali. Atatsimikiza kuti onse ali bwino anafunsa kuti, "Ndiye bambo anati chiyani?" Amayi ake atabwereza mawu aja a fodya, kumbali inayo kunamveka ngati foni yagwa pansi.

Patapita masiku Telma anaimbanso. Anati anzake akuntchito amufunsa nkhaniyi mpaka watopa kuifotokoza, ndipo akupempha chinthu chimodzi: peruka yeniyeniyo. Akufuna kuiika m'bokosi lagalasi pakhomo la chipinda cha chimgolo chija, kuti aliyense watsopano aziyamba waiona asanagwire kalilole.

A Rufina anasokera kalilole chophimba cha kapulana yamaluwa, ndipo mpaka lero amamusambitsira m'nyumba, zitseko zitatsekedwa. Peruka anakaipempha kwa Dona Rosália, omwe anati aitenge, asadzaionenso. Anaikulunga bwinobwino m'katoni, ndipo a Natanael anaimanga panjinga n'kupita nayo kokatumiza.

Kalaliki wakumeneko anaika katoni pasikelo, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa kuti muli chiyani.

A Natanael anaganiza kaye. "Tsitsi lowamba."

Kalaliki anakweza maso. "Lodya?"

"Kaya," anatero a Natanael. "Ndi Azungu aitanitsa."